Thumba la Mchere Pambali pa Pulu

Mpaka lero sindimvetsa chimene chimachititsa munthu wanzeru zake kugula mchere matumbamatumba n'kumakauthira m'madzi oti sadzaphikira kanthu. Komabe ntchito imeneyo ndinaigwira zaka zitatu, panyumba ina ku Kabulonga, mumzinda wa Lusaka, ndipo inatsala pang'ono kundithera m'sabata imodzi ya mvula.

Inali nthawi ija makampani a boma ankagulitsidwa ngati nkhuku za pamsika. Amuna anga anali kalaliki pa imodzi mwa makampaniwo. Tsiku lina anangofika masana atanyamula kalata ndi kapu yawo ya tiyi, basi ntchito yatha. Tinkakhala ku Kalikiliki m'zipinda ziwiri, ndi ana atatu. Bambo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito kuno, ankakonda kunena kuti mwana wawo wamkazi sadzachapa zovala za munthu wina. Mwayi wake anamwalira asanandione ndikulawira m'mawa uliwonse, kudutsa komboni ya Mtendere wapansi, kupita kumayadi kukachapa zovala za munthu wina. Pakhomo pathu panalibenso wina wolowetsa kanthu koma ine.

Madamu amene anandilemba ntchito anali Mzambiya mnzathu, wobadwira ku Katete, koma anaphunzira za mankhwala ku Mangalande. Boma litalola kuti aliyense atsegule bizinesi, iwo anatsegula kemisti yawo m'tauni. M'nyumba ankalankhula Chingerezi chokhachokha. Chinyanja ankachisungira ife antchito, chija cha m'tauni, ndipo ankachitulutsa pang'onopang'ono ngati chikuwapweteka mano. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anamudikira zaka zambiri. Kamwanako kanali kachifuwa, kukangozizira pang'ono kankalira m'khosi, ndipo madamu ankasiya chilichonse kakangotsokomola.

Kuseri kwa nyumbayo kunali dziwe losambiramo, limene aliyense ankangoti pulu. Sinali pulu wamba yothira klorini ndi kapu ngati za anzawo. Abwana anaitanitsa makina ku Joni, oti madzi azikhala a mchere. Poyamba ankaisamalira anali wa m'dimba, koma tsiku lina inabiriwira, achule n'kuyamba kuimbamo, ndipo wa m'dimbayo anachotsedwa tsiku lomwelo ine ndikuona. Madamu anandiitana n'kundifunsa kuti sukulu ndinalekeza pati. Nditati Giredi naini, anati basi, pulu ndi yanga. Ndinathokoza ngati andipatsa mphatso, mumtima ndikulira.

Kunabwera mzungu amene anaika makinawo, wa kabudula wamfupi ndi nkhope yofiira, kudzandiphunzitsa. Anathamanga nazo ngati akuthawa mvula. Akuti mchere ukadutsa m'kabotolo ka magetsi ka pamakinapo umasanduka klorini, klorini akapha tizilombo amasandukanso mchere. Ndinamufunsa kuti nanga ngati umabwerera, winawo tizigulira chiyani? Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, kenako anati mvula imasungunula, komanso wina umatayika potsuka sefa. Akuti kanyali kofiira kakayaka pamakina, ndiye kuti mchere wachepa, klorini sakupangika, ndithire thumba. Akutinso madzi a mchere amakonda kukwera, ndiye ndiziwatsitsa ndi asidi. Kukwera kupita kuti, sananene. Anawonjezera kuti madzi a m'boholo a ku Lusaka ali ndi laimu, amene amamata kabotolo kaja monga amamatira m'ketulo, ndizikatsuka. Anandisiyira kabokosi ka timabotolo tiwiri ndi madontho, n'kukwera galimoto yake.

Kabokosi kameneko kanandizunza. Unkatunga madzi, kudonthezamo madontho asanu ofiira, kugwedeza, n'kuyerekeza ndi mitundu yojambulidwa pambali. Akakhala achikasu, asidi wachuluka. Akapita kofiirira, asidi wachepa. Pakati pake panali mtundu umene ankaufunawo, koma maso anga ankauona mosiyana m'mawa ndi masana. Ndikaloza kudzuwa, wabwino. Ndikaloza kukhoma, woipa. Madamu akayang'ana ankangoti uli bwino kapena suli bwino, osanena kuti aonera pati. Ndinalawako madziwo tsiku lina kuti mwina lilime lindithandiza. Ankangomveka ngati misozi.

Chodabwitsa china n'chakuti m'nyumba imeneyo mumphika simunkalowa mchere. Abwana anali ndi bipi, ndiye ndiwo ndinkaphika zopanda kanthu, aliyense ankadziwazira yekha patebulo. Nyumba yoopa kasupuni ka mchere, koma kuseri matumba ataunjikana mpaka m'chiuno. Ine zimenezo zinkandikomera, chifukwa zinandichotsera vuto limene mkazi aliyense wakwathu amalidziwa. Nditakula chinamwali, alangizi anandiuza, amayi anga n'kubwerezanso: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akathira amadula anthu, makamaka ana. Mdulo umayamba ndi chifuwa, kenako masaya ndi miyendo kutupa, mwana n'kumangofota mpaka kupita. Ndinakulira m'tchalitchi, ndinkaimba kwaya, koma lamulo limenelo sindinaliphwanyepo ngakhale kamodzi. Kwathu masiku amenewo mwana wanga wamkulu ndiye ankathira.

Chilimwe chonse zinayenda. Kanyali kanayaka kamodzi kokha, ndinathira thumba popanda cholingalira. Kenako inabwera mvula ija ya masiku ambiri yosakata. Pulu inadzaza mpaka kusefukira pa udzu, ndinachotsako madzi, inadzazanso, ndinachotsakonso. Lolemba ndinayamba masiku anga. Lachiwiri m'mawa nditatsegula kanyumba ka pampu, kanyali kofiira kanali kakundiyang'ana. Ndipo Loweruka la sabata yomweyo linali tsiku la phwando la kamwana kaja, kakukwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Madamu anali ataitana ana a kalasi yonse kudzasambira.

Ndinaima m'kanyumbamo nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti pulu si ndiwo. Pomwepo ndinakumbukira mmene kamwanako kankasambirira, kukamwa kuli yasa, kumeza madzi n'kumaseka. Ndi chifuwa chake chija! Bwanji nditathira, Lamlungu n'kuyamba kutsokomola? Ndikanadziwa bwanji kuti ndi mphepo chabe osati ine? Koma ndikapanda kuthira, ndinali nditaona kale ndi maso anga zimene zinamugwera wa m'dimba.

Panali mlonda wa masana, mdala wa ku Chadiza, waimvi, wosalankhulalankhula. Ndinapita kugeti.

"Ba shikulu, nithandizeniko kunyamula thumba ya muchele, yalema."

Analinyamula bwinobwino mpaka pambali pa pulu, n'kulitsitsa, n'kusasa m'manja. Apo ndikanangoti thirani. Mwamuna wakwathu, mkazi akamuuza kuti thirani mchere, safunsa chifukwa, amadziwiratu. Ndiye ine, mkazi wamwini, ndiuze mdala wa pageti za m'thupi mwanga? Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndinati zikomo, iye anabwerera kugeti. Thumbalo ndinalifunditsa pulasitiki kuti lisanyowe, n'kulisiya pomwepo.

Madzulo ake ndinakaifunsa nkhaniyi pampopi wa kwathu, pamene azimayi tinkaima pamzere ndi zigubu. Ndinalakwitsa. Ndinafunsa mnzanga mmodzi wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, monong'ona, koma pampopi palibe kunong'ona.

"Manje iyo pulu bamadya?" anafunsa wa salaula.

"Sibadya, basambamo chabe."

"Ndiye vuto ili pati? Thira iwe!"

"Koma mwana amamwako manzi."

"Aaa, ngati amamwa, iyo ni nkhani inangu."

Wina wa kumbuyo anati mdulo sugwira ana a kumayadi, chifukwa iwo anabadwira m'chipatala cholipira. Wina anati ayi, magazi ndi a ku Katete, mdulo susamala za mpanda wa njerwa. Wina anati popeza mcherewo umadutsa m'magetsi, magetsi amapha mphamvu yake. Wina anati ndithire ndi fosholo, chifukwa alangizi ankanena za dzanja, fosholo sanaitchule. Mayi wina wa chigwirizano cha kutchalitchi kwathu anati ndipemphere basi. Ndinamufunsa kuti ndipemphere n'kuthira, kapena ndipemphere n'kusiya? Anati Mulungu adzandiuza, n'kusenza chigubu chake. Ndinachoka pamenepo mutu uli ziwiriziwiri kuposa mmene ndinabwerera.

Kunyumba ndinapeza amuna anga ali pakhonde, akukonza kawayilesi ka neba, ntchito imene ankadzipatsa kuti tsiku lithe.

"Ntchito ili bwanji, amake mwana?"

"Ili bwino."

Lachitatu madzi anali atachita mbuu, pansi osaoneka bwino. Ndinayamba kuchita chilichonse chimene si mchere. Ndinawola masamba, ndinakwecha makoma ndi burashi, ndinatsuka kabotolo ka magetsi mpaka kuwala. Kanyali kali chiyakire. Kenako nzeru zina zopusa zinandibwerera. Ndinati mzungu uja anatchula zinthu ziwiri, mchere ndi asidi. Asidi alangizi sanamuletse. Ngati chimodzi chachepa, bwanji ndiwonjezere chinzake? Ndimo timachitira kukhitchini, tomato akachepa umachulutsa anyezi. Ndinathira asidi kapu, ndinadikira, palibe chosintha. Ndinathiranso ziwiri. Masana nditayeza, madontho ofiira aja anasanduka achikasu chowala, mtundu umene sunalinso pakabokosi n'komwe. Ndinagwedeza, ndinaloza kudzuwa, ndinaloza kukhoma, chikasu chomwecho. Ndisabise, ndinatenga chisanza chokolopera n'kuchikoleka pamakina kuti chibise kanyali. Sindikudziwa kuti ndinkabisira ndani, poti m'kanyumbamo ndinkalowamo ndekha.

Ndinawerenga masiku pa zala. Thupi langa ndinkalidziwa, silinkamaliza Loweruka lisanafike. Ndinakwiyira mvula, ndinakwiyira mzungu wa kabudula, ndinakwiyira amene anagulitsa kampani ya amuna anga, ndinakwiyira ngakhale amayi anga kumanda chifukwa chondiphunzitsa zinthu osandiuza kuti kudzabwera mapulu a mchere.

Lachinayi m'mawa makoma anali oterera, ndipo kumbali yakuya kunali kutayamba kubiriwira. Ndinagwada pambali pa thumba lija, mpeni uli m'manja, ndinapemphera monga anandiuzira mayi wa chigwirizano. Palibe chimene ndinamva. Ndinaika mpeni pathumba n'kukachapa.

Madamu anabwera masana, zimene sankachita, atanyamula mabaluni ndi mapepala okongoletsera. Anatuluka kukhonde la kuseri kuti aone pomangirira. Ndinamva mabaluni akugwa pansi, kenako dzina langa.

Anayamba m'Chingerezi, mofulumira, ndipo ndinangotolapo mawu akuti Loweruka ndi akuti wa m'dimba. Analowa m'kanyumba ka pampu, anachotsa chisanza chija, anaona kanyali. Anatenga kabokosi n'kuyeza okha, ataona chikasu chija anatseka maso. Atatuluka anasintha chilankhulo kuti ndimve bwino.

"Thumba ili apa. Mpeni ili apa. Manja muli nayo. Manje vuto ni chani? Kambani, nifuna kumvela mukalibe kuyenda."

Mawu akuti kuyenda ndinawamva bwinobwino. Ndinaona amuna anga pakhonde ndi kawayilesi ka eni ake. Ndinati ngati ndikupita, bola ndipite nditanena zoona. Ndinagwada, maso pansi.

"Ba madamu, nili kumwezi. Nayopa kudula mwana."

Madamu anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Anabwerera ku Chingerezi n'kundilalikira. Akuti mchere ndi mchere, iwo anauyeza pasikelo zaka zinayi kusukulu, sudziwa amene wauthira. Akuti zimenezi ndi zimene zikutibweza m'mbuyo ife anthu akuda. Akuti anandisankha chifukwa ankayesa kuti ndinapita kusukulu. Mawu omalizawo anandipweteka kuposa onse, ndipo misozi inayamba kutsika.

Anavula nsapato zawo zazitali, anakwinya siketi, anatola mpeni. Anang'amba pakamwa pa thumba kamodzi kokha, n'kulikokera m'mphepete mwenimweni mwa pulu. Anagwira ngodya ziwiri za kumunsi kuti alipendeketse. Mchere unali utafika kale pamlomo wa thumba.

Nthawi yomweyo kamwana kaja kanatulukira pakhonde, kali ndi yunifolomu ya sukulu, baluni m'manja. Kanafunsa amake ngati kangasambe lero. Kanatsokomola kawiri, kachifuwa kake ka masiku onse, n'kubwerera m'nyumba kukafuna chingwe cha baluni.

Madamu sanapendeketse. Anakhala chiweramire, manja ali pangodya za thumba, akuyang'ana khomo limene mwana analowera. Ndinkayesa kuti msana wawagwira. Ndinafuna kudzuka kuti ndiwathandize, n'kukumbuka kuti ine ndi amene sindingathandize. Patapita kanthawi anasiya ngodya zija pang'onopang'ono, analiimika thumba, anapinda pakamwa pake. Anakhala pansi pa simenti yonyowa, pafupi nane, siketi ya ku ofesi ndi yomweyo.

Atalankhula, sichinali Chingerezi, sichinalinso Chinyanja cha m'tauni. Chinali Chichewa chenicheni cha kumudzi, chonga cha amayi anga, chimene sindinkadziwa kuti ali nacho m'kamwa.

"Anzanga, inu munayamba liti?"

"Lolemba."

"Ine dzulo."

Ndiseke? Ndipepese? Ndinangoyang'ana madzi obiriwirawo, iwonso akuyang'ana komweko. Azimayi awiri akuluakulu, wina wa Giredi naini wina wa ku Mangalande, tagonja ndi thumba limodzi.

"Sindizikhulupirira zimenezi," anatero, mawu ali pansi. "Mwamva? Sindizikhulupirira ngakhale pang'ono."

"Ndamva, mayi."

"Koma ndi mmodzi yekhayo."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anaimirira, anakonza siketi. Kenako anakuwira kugeti ndi mawu awo aja a ubwana, m'Chingerezi, kuti mlonda abwere adzathire mchere, thumba likulemera. Mdala uja anabwera osafulumira. Anayang'ana thumba lotsegula kale, limene linali m'mphepete moti ngakhale mwana akanalikankha ndi phazi. Sanayang'ane madamu, sanayang'ane ine. Analinyamula n'kuyenda nalo mozungulira pulu, mchere ukutsika, maso ake ali kumtengo wa mapeyala ngati muli chinthu chofunika kwambiri. Atamaliza anapinda thumba bwinobwino, anafunsa mtengo wa mapeyala womwewo ngati pakufunika lina, madamu anati inde, anakatenga. Ndikukhulupirira kuti mdala ameneyo ankadziwa kuyambira Lachiwiri.

Zotsalazo madamu anazichita mwaukatswiri wawo. Anatumiza dalaivala kukemisti kukatenga klorini wa ufa ndi soda wochotsera asidi wanga uja, anayeza okha, anandiuza kuti pampu isazime mpaka Loweruka ndipo ndizikwecha makoma kawiri patsiku. Anandifotokozeranso za asidi, kuti si mnzake wa mchere ndipo sangalowe m'malo mwake. Ndinavomera ndi mutu, ngakhale mpaka lero sindidziwa kumene madzi amakwera kupita. Loweruka pulu inayera mokwanira, ana anasamba, kamwana kaja kanameza madzi monga mwa masiku onse. Kuyambira pamenepo mchere unakhala ntchito ya mlonda, popanda wina kunena chifukwa. Chichewa chija sindinachimvenso m'kamwa mwa madamu mpaka tsiku limene ndinasiya ntchito.

Koma Lachinayi lija zonsezi ndinali ndisanazidziwe. Nditamaliza kutsuka mbale ndinavula epuloni n'kuima pakhomo la khitchini, kudikira kuti andiuze ngati ndibwerenso. Madamu anali patebulo akuuzira mabaluni, masaya ali tutumu. Anamanga imodzi, anaiika pambali, osandiyang'ana.

"Mailo mubwele kuseni maningi. Nchito ni yambili."

Ndiye kuti mawa m'mamawa ndibwerenso! Ndinayenda kudutsa Mtendere matope akulowa m'patapata, osawamva n'komwe. Amuna anga anali pakhonde pomwe paja, kawayilesi kali zidutswazidutswa pambale.

"Ntchito ili bwanji, amake mwana?"

"Ili bwino," ndinatero, ndipo ulendo uno amuna anga anadzutsa mutu kundiyang'ana.

Ndinalowa m'nyumba, ndinateleka repu pambaula. Itawira ndinaitana mwana wanga wamkulu kuti adzathire mchere.